Mphamvu Sizikutetezani ku Matenda a Pamwamba pa Phiri

Kwa zaka zambiri anthu akhala akunena kuti munthu wojintcha, wothamanga tsiku lililonse, sangadwale akakwera phiri lalitali ngati Kilimanjaro kapena Everest. Bodza limeneli latopetsa, ndipo limaika miyoyo pachiswe.

Matendawa amabwera chifukwa cha liwiro lokwerera. Mukadutsa mamita 2,500, mpweya umachepa mphamvu ndipo magazi salandira okosijeni wokwanira. Pansonga ya Everest, mamita 8,849, okosijeni wolowa m'mapapo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a okosijeni amene munthu amapuma m'mphepete mwa nyanja yamchere. Thupi limafuna masiku kuti lizolowere. Amene anafika pansongayo koyamba mu 1953 anatha milungu akukwera ndi kutsika pakati pa misasa. Wojintcha akathamangira patsogolo atha kudwala msanga.

Kupitirira mamita 3,000, malo ogona asakwere kuposa mamita 500 pa usiku umodzi, ndipo muzipuma tsiku pakapita masiku atatu kapena anayi. Mutu ukamawawa, nseru ndi chizungulire zikamakula, tsikani.

Mukamva nkhani yoti wojintcha sangadwale paphiri, funsani dokotala kapena werengani malangizo a zaumoyo a apaulendo musanaitumize pa WhatsApp kwa mnzanu wokonzekera ulendo.