Tipeksi, madando ndi lamulo la 50+1

Chiyambire pomwe a Peter Mutharika anapambana chisankho cha pa 16 September 2025 ndi mavoti 56.8 pa 100 alionse, mkangano wakale wadzukanso m'maminibasi ndi pa Facebook. Ena akuti izi zikusonyeza kuti 2019 ija makhoti anangowalanda boma. Ena akuti nkhanizi ndi ziwiri zosiyana. Tiyeni tibwerere kumene zinayambira.

Pa 21 May 2019 Amalawi anavotera pulezidenti, aphungu ndi makhansala tsiku limodzi. Patatha masiku asanu ndi limodzi, wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho la MEC panthawiyo, mayi Jane Ansah, analengeza kuti a Mutharika apeza mavoti 38.57 pa 100 alionse, a Lazarus Chakwera 35.41, a Saulos Chilima 20.24. Kusiyana kwa awiri oyambawo kunali mavoti pafupifupi 159,000 basi. Ku Nyumba ya Malamulo DPP inapeza mipando 62, MCP 55, oima paokha 55, UTM inayi yokha. Madandaulo 147 anali atafika kale ku MEC, ndipo liwu loti "madando" linabadwa masiku amenewo.

Za zionetsero za bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC zimene zinatenga miyezi, mashopu otsekedwa ndi utsi wokhetsa misozi, aliyense akukumbukira. Nkhani inakhotera m'khoti ku Lilongwe, a Chilima ndi a Chakwera atakasuma kutsutsa zotsatirazo. Mlandu unkaulutsidwa pa wailesi, womasulira akutembenuzira m'Chichewa, moti wogulitsa tomato ndi wa kabaza anadziwa bwino lomwe kuti fomu ya zotsatira imasainidwa ndi ndani. Apo ndi pomwe dziko linamva za mapepala ofufutidwa ndi tipeksi, ena olembedwa kuti "duplicate", ena opanda siginecha. MEC inkati tipeksiyo inali yokonzera masamu olakwika, osati kusintha mavoti a munthu. Odandaula ankafunsa kuti, nanga inalowa bwanji m'malo oponyera voti pomwe sinali m'gulu la zipangizo zachisankho?

Pa 3 February 2020 oweruza asanu, a Healey Potani, a Ivy Kamanga, a Dingiswayo Madise, a Mike Tembo ndi a Redson Kapindu, anafika moperekezedwa ndi asilikali. Chigamulo chinali cha masamba pafupifupi 500. Anachiwerenga molandizana kuyambira m'mawa mpaka kunja kutada, anthu makutu ali pa wailesi, nsima ikuzizira. Chisankho cha pulezidenti chinathetsedwa, china chichitike pasanathe masiku 150. Mu Africa muno izi zinali zitachitikapo ku Kenya kokha, mu 2017.

Apa pofunika kusamala, chifukwa mbali zonse zimakonda kuwonjezera mchere. Khoti silinanene kuti a Chakwera ndiwo anapambana. Linati zolakwika zinachuluka kwambiri moti zotsatirazo sizingadalirike. Amene anapambanadi mu 2019, mapepala aja sangatiuzenso. Oyang'anira chisankho ochokera kunja anali atayamikira momwe tsiku loponya voti linayendera, koma iwo anaona mizere ya anthu, pomwe oweruza anagwira mafomuwo m'manja. Ine ndimatsamira kwa amene anagwira mafomu. Chodabwitsa n'chakuti aphungu, omwe mavoti awo anawerengedwa ndi anthu omwewo usiku womwewo, chigamulochi sichinawakhudze, popeza mlanduwo unali wa upulezidenti wokha.

Chachikulu chinali tanthauzo la liwu loti "majority" mu gawo 80 la malamulo aakulu a dziko. Kale aliyense wotsogola ankatenga boma: a Bakili Muluzi ndi 47 mu 1994, a Bingu ndi 36 mu 2004. Oweruza anati ayi, pulezidenti azipeza mavoti opitirira theka, lomwe ndi lamulo la 50+1. Khoti la Supreme linagwirizana nazo pa 8 May, ndipo pa 23 June 2020 a Chakwera, atagwirana manja ndi a Chilima mu mgwirizano wa Tonse, anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100.

Mu 2025 lamulo lomwelo ndi limene a Mutharika analikwaniritsa mosavuta, popanda chisankho chachibwereza, ndipo a Chakwera anavomera kugonja MEC isanalengeze. Amene analumbira ngati wachiwiri kwa pulezidenti ndi mayi Jane Ansah.