Kompresa yaikulu si ya pa soketi ya pakhoma

Okutobala akafika kuno ku Salima, dzuwa likamaswa mtengo, ndimaitanidwa kawirikawiri m'magaraja a pa Kamuzu Road kukaona mota ya kompresa yomwe yapsa. Eni ake amati adagula mota yachabechabe. Ndikatsegula bokosi la magetsi, vuto ndimalipeza m'mawaya, osati m'motamo.

Pulagi wamba wa mano atatu ali ndi fyuzi ya 13A. Kompresa yaing'ono yopopera matayala a njinga zamoto ikhoza kukhala pamenepo. Koma ya 5.5kW kapena 7.5kW, yopopera penti ndi kumasula mabawuti a malole, imafuna three-phase ya 400V, magetsi obwera pa mawaya atatu amoto (phase iliyonse waya wake), monga chigayo. Ngati garaja yanu ili pa single-phase, magetsi wamba a waya umodzi wamoto, kaonaneni kaye ndi a ESCOM musanataye ndalama pa makinawo.

Mota ya 7.5kW ikamayenda bwino imakoka pafupifupi 15A pa phase iliyonse. Podzuka imakoka kasanu ndi kamodzi kapena kasanu ndi kawiri kuposa pamenepo, kwa masekondi ochepa. Ndiye mababu amaphethira. Breaker, swichi yodula yokha magetsi akachuluka, ikakhala yosayenera imagwa nthawi yomweyo, ndipo ena amangothamangira kuika yaikulu kwambiri. Apo waya wotenthayo watsala wopanda mlonda. Chofunika ndi breaker yamtundu wa C kapena D yogwirizana ndi kukula kwa waya. Pa mtunda waufupi waya wa 4mm² umakwanira mota yotere. Kompresa ikakhala kutali, kuseri kwa garaja, wonjezerani kukula kwa waya, chifukwa magetsi amachepa mphamvu m'njira ndipo waya woyenda pansi pa malata otentha a kunyanja kuno sunyamula monga wa ku Dedza. Mota yaikulu imadzuka mofewa ndi star-delta, njira yoyatsira mota m'magawo awiri, yomwe imatsitsa kukokako kufika pa gawo limodzi mwa magawo atatu.

Chimene ambiri saganizira n'chakuti kompresa imadziyatsa yokha. Chigayo chimakhala ndi munthu pambali pake. Kompresa ayi: mpweya ukachepa m'thanki, pressure switch, swichi yoyendera mphamvu ya mpweyawo, imadzutsa mota ngakhale nonse mwapita kukadya nsima ndi chambo ku Senga Bay. Phase imodzi ikazima kwinaku ziwiri zikuyaka, mota imangong'ung'udza, kutentha, mpaka kupsa. Choncho pressure switch isanyamule magetsi a mota, ingolamula contactor, swichi yaikulu yolumikiza mota ku magetsi. Pa contactor pakhale overload, kachipangizo kodula magetsi mota ikakoka mopitirira, yokhazikitsidwa molingana ndi ma amp olembedwa pa kachitsulo ka motayo, komanso phase failure relay yodula zonse phase ikasowa. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi kukulungitsa mota.

Mukamva "tsii" pang'ono kompresa ikazima, musaitane makanika. Ndi kavalavu kotchedwa unloader kakutulutsa mpweya wotsalira kuti mota idzadzuke yopanda katundu. Kompresa ikamazima osamveka "tsii" ameneyu, pamenepo ndiye dandaulani.

Waya wa earth ufike pathupi la makinawo, ndipo swichi yodulira ikhale poti dzanja lifikire msanga. Ntchitoyi apatseni a zamagetsi okhala ndi chiphaso cha MERA. Tsiku loyatsa koyamba, imani nawo pomwepo muone ngati gudumu la kompresa likuzungulira kolozera muvi wojambulidwa pachotchingira. Likabwerera m'mbuyo, mphepo yoziziritsa siifika pamitu ya mapisitoni. Amangosinthanitsa mawaya awiri mwa atatuwo, basi.