Mofini si mankhwala omalizitsa wodwala

Kwa zaka zambiri ndakhala ndikumva pamaliro kuno ku Ntcheu, kuyambira ku Lizulu mpaka ku Bawi, anthu akunong'onezana kuti wodwala khansa akapatsidwa mofini ndiye kuti achipatala ataya naye mtima ndipo akufuna kumumalizitsa. Nkhaniyi yanditopetsa, chifukwa pali agogo amene amabuula usiku wonse botolo la mankhwala litabisidwa kuseri kwa mtsuko.

Malamulo a dziko lino salola munthu aliyense, kaya ndi dokotala, kufupikitsa dala moyo wa wodwala, ngakhale mwini wakeyo atapempha. Mofini wakumwa ndi wochepetsa ululu waukulu. Achipatala amayamba ndi mlingo wochepa, kawirikawiri maola 4 aliwonse, ndipo amawonjezera pang'onopang'ono malinga ndi ululuwo. Mofiniyu angathe kuwodzeretsa masiku oyamba komanso kuchititsa kudzimbidwa, n'chifukwa chake amaperekera limodzi mankhwala ofewetsa m'mimba. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti ambiri amafika kuchipatala matenda atakula kale, choncho imfa ikabwera mlandu umagwera botolo m'malo mwa matendawo.

Wodwala wamkulu amene mutu wake ukugwira ntchito ali ndi ufulu wovomera kapena kukana chithandizo, ndipo ndi bwino anene zofuna zake pamaso pa abale akadali ndi mphamvu, kuti amalume ndi ana asadzakanganirane pambali pa mphasa.

Musanafalitse zimene mwangomva, tengani kabuku kakuchipatala, muwerenge dzina la mankhwala ndi mlingo wake, kenaka mufunse anamwino chifukwa chimene awaperekera ndiponso zizindikiro zofunika kubwerera nazo kuchipatala msanga.