Bungwe lolandira othawa kwawo likamakula, bodi imakanganirana chiyani?

Ku America, wothawa kwawo akatsika ndege, kaya wachokera ku Dzaleka kaya ku kampu ya Kakuma ku Kenya, ankalandiridwa ndi bungwe lomwe si la boma. Kwa zaka zambiri ndondomeko inali yakuti bungwelo limupezere nyumba, mipando, chakudya ndi malo a ana kusukulu m'masiku 90 oyamba, boma n'kulipira malinga ndi kuchuluka kwa anthu ofika. Mikangano yambiri ya m'bodi yoyang'anira bungwelo imaphukira pomwepa.

Malire amene boma linaika a othawa kwawo ololedwa kulowa m'dzikolo mu 2020 anali anthu 18,000. Mu 2022 malirewo anafika 125,000, koma mu Januwale 2025 pulogalamu yonse inaimitsidwa. Anthu akamabwera ambiri, mkulu wa bungwe amalemba antchito mothamanga ndi kusaina lendi ya ofesi yaikulu. Bodi imadzamva zitachitika kale. Oyambitsa bungwe, aja ankanyamula matiresi pagalimoto zawo, amati mtima wothandiza wazilala. Mamembala atsopano, maloya ndi akatswiri a zachuma, amafunsa kuti malipiro adzachokera kuti ndege zikasiya kubwera. Onsewa akunena zoona. Cholakwika n'chakuti palibe pamene panalembedwa kuti ndani agamula chiyani.

Lembani zimenezi bungwe lisanakule. Bodi ivomereze bajeti, ilembe mkulu ntchito, imuunike kamodzi pachaka, iikenso mlingo wa ndalama zimene sangawononge osafunsa. Zolemba antchito ena n'za mkuluyo. Membala wa bodi asamaimbire foni wantchito kumuuza banja loti ayambe kulithandiza, ngakhale banjalo likhale la kutchalitchi kwake. Msungichuma aonetse pa msonkhano uliwonse miyezi imene bungwe lingayende popanda thandizo la boma. Ikachepera itatu, nkhani yotsegula nthambi ina iyambe yaima.

Nyumba ndiye pamene ambiri amapunthwa. Zotsika mtengo zimasowa, ndiye membala amene ali ndi nyumba za lendi amadzipereka, mwina ndi mtima wabwino ndithu. Aulule poyera, atuluke m'chipinda pokambirana, mtengo wake uyerekezedwe ndi wa eni nyumba ena, ndipo mlembi alembe zonsezi m'maminitsi. Zikapanda kutero, denga likadontha banja lokhalamo limasowa kokadandaula, poti mwininyumba ndi bwana wa amene akulithandiza.

Ndipo amene anabwera ngati othawa kwawo akalowa m'bodi, asakhale mmodzi yekha. Akhale awiri kapena atatu, okhala ndi voti yonse, mmodzi mwa iwo m'komiti ya zachuma.