Kanyumba ka pa Phiri la Paektu

M'nkhalango ya m'munsi mwa phiri la Paektu, kumalire a North Korea ndi China, muli kanyumba kamitengo komwe ana asukulu, asilikali ndi ogwira ntchito m'mafakitale amapita kukaona, ena atayenda pansi masiku angapo m'chisanu choopsa. Akafika amauzidwa kuti m'menemo ndi momwe munabadwira Kim Jong Il, yemwe anadzakhala mtsogoleri wachiwiri wa North Korea, pa 16 February 1942. Nthano ya boma imati namzeze analosera za kubadwa kwake, ndipo tsikulo kumwamba kunaoneka mautawaleza awiri ndi nyenyezi yatsopano.

Zikalata za Soviet Union zimanena zina. Mwanayo anabadwa mu 1941 kum'mawa kwenikweni kwa Russia, analembedwa dzina loti Yuri Irsenovich Kim, ndipo anakwawira kumsasa wa asilikali pamudzi wa Vyatskoye, kufupi ndi Khabarovsk. Chaka chimodzi chomwe chinasunthidwacho chili ndi ntchito yake. Bambo ake, Kim Il Sung, mtsogoleri woyamba wa North Korea, anabadwa mu 1912, choncho 1942 inachititsa kuti mu 1982, tate akukwanitsa zaka 70, mwana naye akwanitse 40, zikondwerero n'kuyendera limodzi.

Koma chachikulu chomwe chinasamutsidwa ndi malo. Paektu si phiri wamba kwa anthu a ku Korea. Ndi lalitali kuposa mapiri onse a ku Korea, mamita 2,744, ndipo pamwamba pake pali nyanja yomwe amaitcha ya Kumwamba. Anthu amalilumikiza ndi nthano ya Tangun, kholo la fuko lonse, wobadwa kwa mwana wa mulungu ndi chimbalangondo chomwe chinasanduka mkazi, yemwe amati anayambitsa ufumu woyamba mu 2333 BC. Ngakhale nyimbo yafuko ya South Korea imatchula phirili. Wobadwira pamenepo ndiye kuti mchombo wake uli pomwe panayambira mtundu. Ndani angamufunse kuti mpando anaupeza bwanji?

Funsolo linalipo ndithu. Dziko la chikomyunizimu silimayenera kukhala ndi ufumu wosiyirana pa banja. Stalin ndi Mao sanasiyire ana awo. Kuti Kim Il Sung achite zomwe anzakewo sanachite, panafunika nkhani yosonyeza kuti banja lake ndi losiyana ndi mabanja ena onse. Olemba mbiri a boma anayamba kukumba m'mbuyo. Mu 1866 sitima ya ku America yotchedwa General Sherman inatenthedwa pa mtsinje wa Taedong ku Pyongyang, mzinda womwe lero ndi likulu la North Korea. Zimenezo zinachitikadi. Chomwe chinadzaonjezedwa patapita zaka pafupifupi 100 n'chakuti wotsogolera anthu owotchawo anali Kim Ung U, agogo a bambo ake a Kim Il Sung. Banja lija linasanduka la ngwazi zokhazokha, mbadwo ndi mbadwo.

Apa tisalakwitse: Kim Il Sung sanali ngwazi yongopeka. Japan inalanda Korea mu 1910, ndipo iye, yemwe dzina lake lobadwa nalo linali Kim Song Ju, anamenyadi nkhondo yachizembera ku Manchuria, kumpoto chakum'mawa kwa China. Pa 4 June 1937 gulu lake linawoloka malire n'kuthira nkhondo tauni ya Pochonbo, nkhaniyo n'kutuluka m'nyuzipepala. Bodza lokhalitsa limafuna mzati woona woti litsamire, ndipo uwu unali mzati wake. Chomwe nthano inachita ndi kupalira onse omuzungulira. Gulu lake linali pansi pa asilikali otsogoleredwa ndi chipani cha chikomyunizimu cha China. Zinthu zitathina mu 1940 anathawira ku Soviet Union, komwe anakhala kaputeni mu 88th Brigade, gulu la asilikali a dzikolo. Anabwerera kwawo mu September 1945 pa sitima ya a Soviet, nkhondo itatha kale. Atamuonetsa kwa anthu ku Pyongyang pa 14 October chaka chomwecho anali ndi zaka 33, ndipo ambiri omwe ankayembekeza nkhalamba ya imvi ananong'onezana kuti uyu si mwini dzina la Kim Il Sung.

M'mabuku asukulu mulibe kaputeni wa dziko lina. Muli mtsogoleri amene sanachoke pa Paektu, wosandutsa zibalobalo za paini kukhala mabomba, mchenga kukhala mpunga, wowoloka mtsinje pa tsamba, wopinda dziko ngati mphasa kuti ulendo wautali ufupike. Simutchulidwanso kwenikweni zoti mayi ake, Kang Pan Sok, anali Mkhristu wa mpingo wa Presbyterian, mwana wa mkulu wampingo. Ine ndimaona kuti munthu woleredwa m'tchalitchi ankadziwa bwino mphamvu ya nyenyezi yoonekera pa kubadwa kwa mwana.

Zaka za m'ma 1980, pomwe mwana ankakonzekera kulowa m'malo, umboni unayamba kutulukira pa nthawi yake. Kanyumba kaja kanatsegulidwa. M'nkhalango munapezeka mitengo yolembedwa mawu otamanda banjali, yomwe amati analemba ndi asilikali a nthawi ya Japan. Nsonga ya phiri yoyang'anizana ndi kanyumbako inapatsidwa dzina la Jong Il mu 1988, zilembo zake n'kuikidwa pathanthwe. Mu 1993 boma linalengeza kuti lapeza manda a Tangun mwiniwake kufupi ndi Pyongyang.

Pomwe nthano inagwira ntchito yowawa kwambiri ndi pa njala ya m'ma 1990, Kim Il Sung atamwalira pa 8 July 1994. Anthu miyandamiyanda anafa. Boma silinaitche njala. Linaitcha Ulendo Wowawa, dzina la ulendo womwe Kim Il Sung ndi gulu lake anayenda m'chisanu cha 1938 mpaka 1939 akuthamangitsidwa ndi asilikali a Japan. Mayi wophika makungwa a mitengo ankauzidwa kuti akuyenda m'mapazi a ngwazi. Wodandaula ankaoneka ngati wothawa nkhondo. Mpaka lero ngakhale anthu omwe anathawa m'dzikomo amatchula zaka zimenezo ndi dzina lomwelo. Mu 1998 malamulo adziko anaika malemu Kim Il Sung kukhala Pulezidenti Wamuyaya.

Kim Jong Il atamwalira pa 17 December 2011, bungwe lofalitsa nkhani la KCNA linati madzi oundana a pa nyanja ya pa Paektu anang'ambika ndi chimkokomo. Mu 2013 mfundo khumi zoyendetsera chipani zinakonzedwanso, mawu oti magazi a Paektu, kutanthauza mzere wa banja la Kim, n'kulowamo. Magaziwo sateteza aliyense: Kim Jong Nam, mwana wa Kim Jong Il komanso mchimwene wa mayi wina wa Kim Jong Un yemwe analowa m'malo mwa bambo awo, anaphedwa ndi poizoni pabwalo landege la Kuala Lumpur mu February 2017. Kwa ife omwe ufumu umatsata kuchikazi, funso loyamba likanakhala lakuti mayi ake a mfumuyi ndani. Mayi ake a Kim Jong Un, Ko Yong Hui, anali wovina, wobadwira ku Osaka, ku Japan komwe Kim Il Sung ankalimbana nako. N'chifukwa chake dzina lake silimveka kawirikawiri.

Akunja nafenso timaumba zathu. Nkhani yoti Jang Song Thaek, mwamuna wa azakhali ake a Kim Jong Un, anadyetsedwa kwa agalu 120 inachokera kwa munthu wolemba zoseketsa pa intaneti ku China, koma inazungulira dziko lonse. Anaphedwadi mu December 2013, agaluwo ndiye kunalibe. Woimba Hyon Song Wol, yemwe nyuzipepala zinati waomberedwa mu 2013, anaonekera pa TV chaka chotsatira ali bwinobwino.

Kim Jong Un, yemwe anaphunzirako ku Switzerland, wakhala akudulira nthambi zina za nthanoyi. Mu March 2019 anauza ofalitsa uthenga wa chipani kuti kukuta mtsogoleri ndi zozizwitsa kumabisa choonadi, ndipo mu May 2020 nyuzipepala ya Rodong Sinmun inavomera kuti palibe munthu angapinde dziko. Phirilo lokha sanalisiye. Mu October 2019 anajambulidwa akulikwera pa hatchi yoyera, ndipo mu November 2022 anatulukira pamalo oyesera mzinga wa Hwasong-17 atagwira dzanja mwana wake wamkazi.