Vitamini D ndi matenda ovutika maganizo: mapiritsi angathandize pati?

Ku Britain, kuyambira Okutobala mpaka Malichi, dzuwa limakhala lofooka moti khungu silipanga vitamini D wokwanira. Kwa ife akhungu lakuda vuto limakula, chifukwa khungu lathu limatchinga mbali ina ya kuwala kumene thupi limafuna popanga vitaminiyu. Taganizani mayi wa ku Malawi amene akusamalira okalamba ku Leeds: ntchito usiku, masana tulo makatani ali chitsekere, potuluka jekete mpaka m'khosi. Ngakhale dzuwa lodutsa pagalasi la windo silithandiza. N'chifukwa chake a NHS, bungwe la boma loona zaumoyo ku Britain, amalangiza anthu kumwa ma microgram 10 a vitamini D patsiku m'nyengo yozizira, ndipo akhungu lakuda chaka chonse.

Nanga maganizo akubwerapo bwanji? Anthu ambiri ovutika maganizo akayezedwa magazi, vitamini D amapezeka wochepa, ndipo mu ubongo muli maselo amene amalandira vitaminiyu. Apa ndi pomwe otsatsa mapiritsi pa Facebook amagwira ponena kuti vitamini D amathandiza pa matendawa. Koma munthu wovutika maganizo amabindikira m'nyumba, chakudya sichilowa, dzuwa saliona. Ndiye chinayamba n'chiti, matenda kapena kuchepa kwa vitamini?

Kafukufuku wa VITAL-DEP wa ku America, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2020, anatsatira anthu oposa 18,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo kwa zaka pafupifupi zisanu. Ena ankamwa vitamini D tsiku lililonse, ena mapiritsi opanda mankhwala. Matenda ovutika maganizo anagwira magulu onse awiri mofanana. Ambiri mwa anthuwo, tinene, anali ndi vitamini wokwanira kale, choncho wosowa kwenikweni asanene kuti nkhani ya vitamini D siimukhudza.

Kusowa vitamini D kumabweretsa kutopa, kuphwanya kwa mafupa ndi kufooka kwa minofu, zomwe ena amazisokoneza ndi matenda a maganizo. Kuyeza magazi n'kumene kumathetsa mkangano. Vitaminiyu akapezeka wochepa, dokotala amapereka mlingo woyenera. Nsomba zamafuta monga sardines ndi mazira zimathandizako pang'ono. Osapitirira ma microgram 100 patsiku mwa nokha, chifukwa wochuluka amakweza calcium (mchere wolimbitsa mafupa) m'magazi n'kuwononga impso.

Koma ngati kwa masabata awiri kapena kuposa simukusangalalanso ndi chilichonse, tulo tasokonekera, mukudziona wachabechabe, musadikire kuti mapiritsi agwire ntchito. Kaonaneni ndi dokotala, ndipo ngati muli kale pa mankhwala a maganizo musawasiye. Maganizo ofuna kudzipha akabwera, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.