Wodwala akagwa, musabise

Magadiyani a kuno ku Mangochi amene mukusamalira wodwala sitiroko, wothyoka mwendo kapena agogo amene akuchita mafizo, wodwala wanu akagwa tiuzeni ife azachipatala. Ngakhale adzuke yekha n'kunena kuti sanapweteke, tiuzeni ndithu.

Poyeza wodwala timayamba ndi funso lakuti, "Anagwapo?" Ambiri mumati ayi, poopa kuti tikunenani kuti simukusamala. Sitikufuna wolakwa. Amene anagwapo kale sachedwa kugwanso, ndipo yankho lanu ndilo limatiuza ngati akufunika ndodo, womugwira dzanja kapena kusinthiridwa mankhwala. Tikatero timamukhazika pampando: adzuke, ayende mamita 3, atembenuke, adzakhalenso pansi. Akatenga masekondi 12 kapena kupitirira, ameneyo asamayende yekha.

Zogwetsa munthu n'zodziwika. Mwendo wofooka, ng'ala, dzanzi la shuga kumapazi, mankhwala a BP ndi ogonetsa amene amabweretsa chizungulire podzuka. Kutentha kwathu kwa Okutobala kumawonjezera, makamaka wodwala akamakana madzi poopa kukodza pafupipafupi. Ndiye pali mchenga wapabwalo womiza ndodo, patapata wonyowa, mphasa yopindika m'mphepete, ndi ulendo wakuchimbudzi usiku opanda tochi. Ikani chidebe pafupi ndi pogona. Wodzuka m'bandakucha kukaswali ayambe wakhala kaye tsonga asanaimirire.

Chotidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti munthu akagwa kubafa, pamudzi pamamveka zoti amumenya hamala. Abale amayamba kwa sing'anga, kuchipatala n'kufika patapita masiku. Pabafa n'poterera, ndipo munthu woŵerama akaweramuka msanga mutu umazungulira. Koma amene wamenyetsa mutu pansi magazi akhoza kumatayika m'kati pang'onopang'ono, makamaka ngati akumwa asipilini. Lero amacheza bwinobwino, mkuja wayamba kusanza, kugona kwambiri kapena kulankhula zosokonekera. Musadikire zimenezo. Mukaonanso kuti mwendo wafupika, phazi lagonera kunja ndipo sakutha kuponda, mwina fupa la m'chiuno lathyoka. Musamuwongole, musamuthowe, musamukweze pakabaza. Mugonekeni m'galimoto, mupite kuchipatala tsiku lomwelo.

Bungwe la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse padziko lonse chifukwa cha kugwa, ndipo amene amafa kwambiri ndi opitirira zaka 60.

Ena akagwa kamodzi mumawaletsa kuyenda, azingogona pamphasa. Mukuwaonjezera vuto, chifukwa miyendo ikakhala osagwira ntchito imafookeratu. Aziyenda, inu muli pambali pawo, kumbali yofookayo.

Kaya muli ku Makanjira, ku Namwera kapena ku Monkey Bay, uzani mlangizi wa zaumoyo kapena pitani kuchipatala chapafupi. Tengani buku lakuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, ngakhale ogula pagolosale ndi achikuda omwe, ndipo munene kuti anagwa liti, anagwera pati, akuchita chiyani.